Theka la milimita pansonga ya muzu wa dzino

Munthu wa ku Zemba, m'boma la Chadiza, dzino likamugwira usiku mpaka kuchezera osagona, njira imene amaidziwa ndi imodzi. Amayamba ndi madzi amchere, kenako Panado wa pagolosale, ena amakafunsira mizu kwa odziwa zitsamba. Zikakanika amapita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, kumene amalandira mankhwala oziziritsa ululu ndi kalata yopita nayo kuchipatala cha pa boma ku Chadiza. Kumeneko mawu amene amayembekezera kumva ndi akuti "tizule", ndipo ambiri sadikira n'komwe kuti adokotala anene, amapempha okha. Palibe angawadzudzule. Dzino lozulidwa silipwetekanso, ulendo umakhala umodzi, ndalama zake n'zofikirika.

Koma masiku ano pali ena amene sakufuna kutaya dzino. Mphunzitsi amene amaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, mtsikana amene dzino lake lakutsogolo linathyoka atagwa panjinga, mlimi amene wagulitsa soya kapena fodya ndipo wamva kuti ku Chipata ndi ku Lusaka amatha kuchiza dzino osalichotsa. Chithandizocho madokotala amachitcha root canal: amatsuka mkati mwa mizu ya dzino ndi kumatamo kuti dzinolo likhalebe m'kamwa. Kuchoka pa boma pa Chadiza kukafika ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 70, ndipo wa ku Zemba amawonjezerapo ulendo wake wa panjinga yamoto. Nthawi zambiri sapita kamodzi, amauzidwa kuti abwerenso kawiri kapena katatu. Munthu amene wawononga ndalama ndi masiku chotere ayenera kudziwa chimene chimapangitsa kuti chithandizocho chigwire kapena chilephere. Mbali yaikulu ya yankho ili pa ntchito imene iye sangaione ali chigonere pampando kukamwa kuli yasa, ntchito yoyeza kutalika kwa muzu.

Tiyambe ndi dzinolo. Kunja ndi lolimba kuposa fupa, koma pakati pake pali kachipinda kamene muli mnofu wofewa, mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Kuchokera m'kachipindamo, tinjira ting'onoting'ono timatsika m'mizu mpaka kukatulukira pakabowo ka kunsonga, kamene kamalumikiza dzino ndi fupa la nsagwada. Dzino lakutsogolo limakhala ndi kanjira kamodzi nthawi zambiri, pamene la chibwano limakhala ndi titatu kapena tinayi. Dzino likafumbwa, bowo n'kufika pa mnofu uja, tizilombo timalowa, ndipo ndi pamene munthu amalephera kumwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha. Pakapita nthawi mnofuwo umafa, ululu n'kuleka, mwini wake n'kumati wachira. Sanachire ayi. Tizilombo tapeza malo amene magazi safikanso, ndipo kumene magazi safika, asilikali a m'thupi safika, makapisozi a amoxicillin nawonso safika. N'chifukwa chake munthu amamwa mankhwala, kutupa n'kuphwa, pakatha miyezi ingapo tsaya n'kutupanso.

Kuti gwero la zonsezi ndi tizilombo anazitsimikizira Kakehashi ndi anzake ku America mu 1965. Anaboola mano a makoswe a magulu awiri, ena oleredwa m'malo opanda tizilombo, ena wamba. Mwa makoswe wamba mnofu wa m'mano unafa, kunsonga kwa mizu n'kuchita mafinya. Mwa opanda tizilombo mano anapola okha ngakhale anali chiboolere. Choncho ntchito ya dokotala ndi kuchotsa tizilombo m'kanjira konse, kuyambira pakhomo mpaka kumapeto, kenako kutsekamo ndi timitengo ta ulimbo wotchedwa gutta-percha kuti tisabwererenso. Amachita zimenezi ndi tisingano tokhala ndi mano, timene amatitcha mafayilo. Kamene amakonda kuyambira ndi nambala 10, ndipo nsonga yake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Zogwirira zake zimakhala ndi mitundu yosonyeza kukula: nambala 15 choyera, 20 chachikasu, 25 chofiira, kumangokwera choncho.

Tsono kasingano kalekere pati? Munthu angaganize kuti yankho lili pafupi, kalekere pamene muzu wathera. Koma Yury Kuttler, dokotala wa ku Mexico, atayang'ana nsonga za mizu yambirimbiri pa maikulosikopu, anafalitsa mu 1955 zosonyeza kuti kunsongako kuli malo atatu osiyana. Pali nsonga yeniyeni ya muzu, imene imaoneka pa X-ray. Pali kabowo kotulukira, kamene kawirikawiri sikakhala pansonga penipeni koma cham'mbali. Ndiye pali kakhosi, pamene kanjira kamapanikizika kwambiri kasanatambasukenso potuluka. Mwa achinyamata kakhosi kameneka kamakhala pafupifupi theka la milimita kuchokera pakabowo, ndipo mwa okalamba kamalowerako mkati pang'ono chifukwa nsonga ya muzu imanka ikhuthala ndi zaka. Apa ndi pamene madokotala ambiri amafuna kulekera, popeza bala lotsala limakhala laling'ono kwambiri ndipo zomatira zimapeza potsamira. Mu 1984 Dummer ndi anzake ku Cardiff anawonjezera kuti kakhosi sikamakhala kofanana m'mano onse: mano ena ali ndi timakosi tingapo totsatizana, ena kanjira kamangonka kachepa pang'onopang'ono popanda khosi lodziwika. Lamulo limene limaphunzitsidwa m'masukulu, lolekera theka la milimita mpaka milimita imodzi nsonga isanafike, linachokera m'kafukufuku wotere. Ndi lamulo lothandiza, koma limanena za mano ambiri pamodzi, osati za dzino la munthu amene wagona pampandoyo.

Amene anakumbapo mbewa m'chilimwe amadziwa kuti una suyenda molunjika. Umakhota, umachita nthambi, ndipo mbuli imakatulukira pamene sumayembekezera. Muzu wa dzino uli chimodzimodzi, kungoti dokotala sangafukule kuti aone. Akugwira ntchito m'kanjira kamene maso ake safikamo.

Akalekera panjira, gawo lotsalalo limakhala nkhokwe ya tizilombo, ndipo ndi gawo lomwelo limene lili pafupi kwambiri ndi fupa. Sjögren ndi anzake ku Umeå, m'dziko la Sweden, anatsatira odwala 356 kwa zaka 8 mpaka 10, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1990. Pa mizu imene mnofu wake unali utafa kale, fupa la kunsonga litadwala, imene inamatidwa mpaka kufika mkati mwa mamilimita 2 kuchokera kunsonga inapola 94 pa 100 iliyonse. Imene inalekeredwa kutali kuposa pamenepo inapola 68 yokha pa 100. Imene zomatira zinapyola n'kulowa m'fupa inapola 76 pa 100. Kafukufuku wina wa Chugal ndi anzake ku America mu 2003 anapeza kuti pa mano oterewa, milimita iliyonse imene dokotala walephera kufika imawonjezera mpata wolephera ndi 14 peresenti. Ziwerengero zimenezi ndimaziona ngati zofunika kuposa dzina la chipatala kapena kukongola kwa mpando. Kusiyana kwa 94 ndi 68 ndi kusiyana kwa munthu amene adzakalamba ndi dzino lake ndi munthu amene adzalipira kawiri, poyamba kuchiza, kenako kuzula dzino lomwelo.

Kupyola nakonso kuli ndi zake. Kasingano kakadutsa kabowo kamakankhira zinyalala zodzaza tizilombo m'fupa, ndipo wodwala amene anachoka pachipatala ali bwinobwino amadzuka m'mawa tsaya litatupa. Kamakulitsanso kabowoko, moti zomatira zimasowa poimira. Mankhwala otsukira m'mizu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi sodium hypochlorite, wa mtundu womwewo umene uli mu Jik. M'kanjira amagwira ntchito yabwino yosungunula mnofu wakufa ndi kupha tizilombo, koma akapoperedwa kupyola nsonga amaotcha mnofu wamoyo, ululu wake ndi woopsa, nkhope imatupa pomwepo ndipo nthawi zina imachita mikwingwirima. Mizu ya mano a chibwano akumwamba imayandikana ndi mphako ya mpweya imene ili m'fupa la tsaya. Ya m'munsi imayandikana ndi mtsempha waukulu umene umapatsa mlomo wam'munsi kumva, ndipo zomatira zikaufika mlomo umatha kuchita dzanzi kwa miyezi, mwina osabwereranso. Dokotala amene akudziwa kutalika kwa muzu amaika chizindikiro ngakhale pa singano yopopera mankhwala kuti isatsike mopitirira.

Nanga amayeza bwanji chinthu chimene sakuchiona? Njira yakale kwambiri ndi ya zala: dokotala amatsitsa kasingano pang'onopang'ono mpaka atamva kuti kagwira pakakhosi. Wozolowera ntchito amamvadi kanthu, koma zala zimanamizika msanga. Kanjira kakakhala kopanikizika chapakati kapena kokhota, kasingano kamagwira kasanafike. Kakakhala kotakasuka, monga mwa mwana amene muzu wake sunatsekeke kunsonga, kamangodutsa osagwira paliponse. Mabuku amapereka kutalika kwa mano ambiri: dzino losongoka lakumwamba, limene ndi lalitali kuposa onse, limakhala pafupifupi mamilimita 26 ndi theka, la chibwano lam'munsi pafupifupi 21, ndipo n'chifukwa chake tisingano timagulitsidwa ta mamilimita 21, 25 ndi 31. Koma anthu awiri a msinkhu umodzi akhoza kusiyana ndi mamilimita angapo pa dzino lomwelo. Panalinso chizolowezi chotsitsa kasingano mpaka wodwala atadzidzimuka ndi ululu, n'kunena kuti pamenepo ndiye pamapeto. Njira imeneyi ndi yankhanza komanso yabodza, chifukwa mnofu wamoyo wotsalira umapweteka kasingano kakadali kutali, ndipo pamene fupa linadyeka kasingano kamatha kupyola munthu osamva kanthu. Yothandizako ndi ya timapepala tosongoka toumitsira m'kanjira: kakatsitsidwa m'kanjira kouma n'kutuluka nsonga itanyowa kapena ili ndi magazi, pamene kunyowa kwayambira pamasonyeza pothera kanjira. Imagwira bwino pa mizu yotseguka kunsonga, koma monga mboni yachiwiri.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi X-ray. Röntgen atatulukira kuwala kumeneku kumapeto kwa 1895, dokotala wa mano wa ku Germany, Otto Walkhoff, anajambula mano ake omwe kumayambiriro kwa 1896, ndipo anakhala mphindi 25 akuwalitsidwa kuti chithunzi chituluke. Edmund Kells wa ku New Orleans ndi amene amatchulidwa kuti anayamba, mu 1899, kujambula dzino muli kawaya kuti adziwe kutalika kwa muzu. Munthu ameneyu anadzaduka zala, kenako mkono wonse, chifukwa choika manja pa kuwalako zaka zambiri kuopsa kwake kusanadziwike. Lero chithunzi chimodzi cha dzino chimatenga kamphindi kosakwana sekondi, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi imene munthu amalandira kuchokera m'chilengedwe pa tsiku limodzi kapena kucheperapo. Njira imene John Ingle anaifotokoza mu 1957 ndi imene ikuphunzitsidwabe. Dokotala amayeza dzino pa chithunzi choyamba, amachotserako milimita imodzi podziteteza, amaika kalabala kozungulira pa kasingano pa muyeso umenewo, amakatsitsa m'muzu n'kujambulanso. Akaona pamene nsonga ya kasingano yafika, amawonjezera kapena kuchepetsa.

Vuto la X-ray ndi lakuti imaonetsa mthunzi. Dzino lili ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, koma chithunzi chimaliphwatalitsa. Makina akapendekeka pang'ono muzu umaoneka wautali kapena waufupi kuposa mmene ulili. Muzu wokhotera kutsaya kapena kulilime umaoneka wowongoka. Mizu iwiri imabisana, ndipo pa mano akumwamba fupa la tsaya limaphimba nsonga. Choposa zonse, chithunzi chimaonetsa nsonga ya muzu koma sichionetsa kabowo. Kabowo kakakhala cham'mbali, kasingano kamatha kukhala katatuluka kale m'fupa pamene pa chithunzi kakuoneka ngati kali mkati bwinobwino. Madokotala amachepetsa zolakwikazi pogwiritsa ntchito chogwirira filimu kuti ikhale moyang'anizana bwino ndi dzino, ndiponso pojambula kachiwiri chapambali kuti mizu yobisana ilekane. Komabe X-ray ili ndi zimene chida china chilichonse sichinganene: kuchuluka kwa mizu, kukhota kwake, kukula kwa bala la m'fupa, ndiponso umboni wosungika umene dokotala wina angadzauone mtsogolo.

Njira ya magetsi ndi imene yasintha ntchitoyi m'zaka makumi atatu zapitazi, ndipo ndi imene ikukhudza kwambiri madera ngati Chadiza. Ganizo lake ndi lakale. Custer wa ku America analitchula mu 1918. Mu 1942 Suzuki wa ku Japan, poyesa pa agalu, anapeza kuti mphamvu yokaniza magetsi pakati pa khungu la m'kamwa ndi mnofu wozungulira muzu imakhala yosasintha. Sunada anatenga mfundoyi mu 1962 n'kupanga chida choyamba chogwiritsa ntchito pa anthu, chimene chinkadalira muyeso wa 6.5 kilo-ohm. Nzeru yake ndi yakuti dzino lenilenilo silidutsa magetsi bwino, pamene mnofu wa kunja kwa muzu umadutsa. Dokotala amakoleka kachitsulo pamlomo wa wodwala, n'kumangirira waya wina pa kasingano. Kasingano kakamayandikira kabowo muyeso umasintha, chida n'kuyamba kulira ndi kusonyeza pagalasi. Magetsi ake ndi ochepa kwambiri, wodwala samva chilichonse.

Zida zoyambazo zinali zovuta. Zinkafuna kanjira kouma, ndipo mukakhala magazi, mafinya kapena mankhwala otsukira zinkalira kasingano kasanafike. Madokotala ambiri anazitaya m'kabati. Zinthu zinasintha pamene Kobayashi ndi Suda a ku Tokyo anafotokoza mu 1994 njira yotumiza mafunde awiri amagetsi nthawi imodzi, a 8 kHz ndi a 400 Hz, n'kuyerekeza zimene awiriwo akupeza. Madzi a m'kanjira amasokoneza mafunde onse awiri mofanana, choncho kuyerekezako kumakhalabe koona. Chida cha Root ZX cha kampani ya J. Morita chinamangidwa pa mfundo imeneyi, ndipo zida zambiri za masiku ano, zimene zonse zimatchedwa apex locator, zimatsatira njira yofananayo. Kafukufuku wambiri wapeza kuti zida zabwino zimalozera mkati mwa theka la milimita pa mizu pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse. Chimene chidachi chimadziwa bwino ndi pamene kasingano kakhudza mnofu wa kunja kwa muzu. Manambala ena a pagalasi si mamilimita enieni. Odziwa ntchito amatsitsa kasingano mpaka chida chitasonyeza kuti kafika pakabowo, amayeza pa rula, kenako amabweza theka la milimita kapena imodzi.

Chidachi nachonso chimanamizika, ndipo wochigwiritsa ntchito ayenera kudziwa nthawi zake. Kasingano kakakhudza chomatira chachitsulo kapena chipewa chachitsulo cha dzino, magetsi amadutsa chidule ndipo chida chimalira msanga. Malovu akalowa kapena mankhwala akasefukira m'kachipinda mpaka kukhudza nkhama, zimachitika zomwezo. N'chifukwa chake kansalu ka labala kamene amaphimba m'kamwa n'kusiya dzino lokhalo poyera, kamene Sanford Barnum anayambitsa ku New York mu 1864, sikamayenera kusowa. Kamatchinga malovu, komanso kamateteza wodwala kuti asameze kasingano. Pa muzu wa mwana wosatsekeka kunsonga muyeso umagwedezeka. M'kanjira kotsekeka ndi zinyalala kapena zomatira zakale chida chimangokhala chete. Batire ikafooka manambala amadumphadumpha. Wodwala amene anaikidwa kachipangizo kothandiza kugunda kwa mtima ayenera kunena asanayambe. Koma pali mwayi wina umene X-ray kawirikawiri siupereka: kasingano kakaboola khoma la muzu n'kutulukira pambali, chida chimalira nthawi yomweyo kasingano kakadali pafupi, dokotala n'kudziwa kuti wasochera asanawononge zambiri.

Ndiye mkangano wakuti chabwino n'chiti pakati pa X-ray ndi apex locator ulibe phindu kwenikweni. Madokotala odziwa za mizu amagwiritsa ntchito zonse ziwiri chifukwa zimalakwa mosiyana. Chithunzi choyamba chimasonyeza mmene mizu yakhalira, chida chimapeza kabowo, chithunzi chachiwiri chimatsimikizira. Zikatsutsana, dokotala amaima n'kufufuza chifukwa chake asanapitirire. Chida chimachepetsanso kuchuluka kwa zithunzi, zomwe ndi zabwino kwa mayi woyembekezera ndi kwa munthu amene amachita mseru filimu ikalowa m'kamwa. M'mizinda ikuluikulu muli makina ojambula dzino mbali zonse otchedwa CBCT, koma kuwala kwake ndi kochuluka ndipo mtengo wake ndi wokwera, moti sajambulira kungofuna kudziwa kutalika kwa muzu.

Pali tinthu tina tooneka tating'ono timene timagwetsa ntchito ngakhale zida zili zabwino. Muyeso uliwonse umayambira penapake pamwamba pa dzino. Dokotala akayezera pa kansonga kofooka, kansongako n'kuthyoka wodwala ali kunyumba akudikira ulendo wachiwiri, nambala imene inalembedwa siigwiranso. Wanzeru amasalaza malowo poyamba, n'kulemba m'buku kuti muzu wakuti ndi mamilimita akuti kuchokera pakuti, muzu uliwonse paokha. Kalabala ka pa kasingano kakakhala kopendekeka kapena kokhwefuka, milimita imatayika osadziwa. Ndiponso kanjira kokhota kamawongokako pamene kakukulitsidwa, ndipo kakawongoka kamafupika. Muyeso wa poyamba ukhoza kukhala wopyola pofika kumapeto, choncho umayenera kubwerezedwa. Kwa wodwala wa ku Zemba, amene pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri pakhoza kudutsa mwezi akudikira ndalama za mbewu kapena kuti msewu uume, ndipo mwina akapeza dokotala wina, zolembedwa bwino ndi chitetezo chake chachikulu.

Zonsezi zikutanthauza chiyani kwa ife a kum'mawa kuno? Kwa zaka zambiri ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma yakhala m'manja mwa ma dental therapist, ambiri ophunzitsidwa ku Dental Training School ku Lusaka. Ntchito yawo yaikulu ndi kuzula, kumata ndi kutsuka mano, ndipo agwira ntchito yotamandika ndi zida zochepa. Kuchiza mizu, makamaka ya mano a chibwano, ndi ntchito ya dokotala wa digiri. Dziko la Zambia linayamba kuphunzitsa madokotala oterewa pasukulu ya zachipatala ya Copperbelt University ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 2011, ndipo Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka nayonso ikuphunzitsa. Anzathu a ku Malawi anayamba digiri yawo mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Achinyamata amenewa akutuluka m'sukulu akudziwa kuyeza muzu. Chimene chingawagwetse mphwayi ndi kuwatumiza kuchipatala cha boma n'kuwapatsa zozulira zokha.

Apa ndi pamene apex locator ikuyenera kuganiziridwa ndi amene amagula zida za zipatala. Ndi kachida kokwana m'dzanja, kamayendera mabatire, sikafuna filimu kapena mankhwala otsukira zithunzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mpando wa mano kapena makina a X-ray. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri tsiku lililonse. M'nyengo yotere chida cha mabatire chimagwirabe ntchito. Sindikunena kuti chilowe m'malo mwa X-ray. Chipatala chochiza mizu chiyenera kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo makina ojambulira ayenera kukhala ovomerezeka ndi Radiation Protection Authority, ngakhale atakhala ang'onoang'ono a m'manja amene afala masiku ano. Chenjezo lina ndi la zida zotchipa zosadziwika kochokera zimene zikugulitsidwa pa intaneti. Chida chonama n'choopsa kuposa kusowa chida, chifukwa chimapatsa dokotala chidaliro pa nambala yolakwika. Chida chatsopano chiyenera kuyerekezedwa ndi zithunzi pa mano angapo asanachikhulupirire.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi olimba. Pamene palibe njira yoyezera muzu, pasachitike root canal. Kutsegula dzino, kuchotsa mnofu wowola ndi kuikamo mankhwala kuti ululu uleke munthu akamapita kumene kuli zida, zimenezo n'zabwino ndipo zapulumutsa mano ambiri. Koma kumata mizu mongoyerekeza, n'kulandira ndalama za chithandizo chonse, ndi kulakwira munthu amene alibe njira yodziwira zimene zachitika m'kamwa mwake. Kuzula kochitidwa moona mtima n'kwabwino kuposa pamenepo. Komanso tisapeputse kuzula ngati kuti kulibe mtengo. Dzino la chibwano lam'munsi likachoka, oyandikana nalo amapendekeka, lakumwamba limatsika, ndipo munthu amene wataya angapo amayamba kusankha zakudya, nzimbe, chimanga chokazinga ndi nyama n'kukhala za ena. Ndikudziwanso kuti boma ngati Chadiza lili ndi zosowa zambiri, ndipo pa mano penipenipo choyamba ndi mswachi, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kuchepetsa zotsekemera kwa ana, ndi kumata bowo likadali laling'ono. Dzino lomatidwa msanga silifika pofuna kuyezedwa muzu. Koma mano ena adzafikabe pamenepo, ndipo eni ake sayenera kusankha pakati pa kuzula ndi kungoyesa mwayi.

Inu amene mwaganiza zokwera galimoto kupita ku Chipata kapena ku Lusaka kuti mukapulumutse dzino, musachite manyazi kufunsa. Funsani ngati ajambula dzino asanayambe, ndipo pemphani kuti akuonetseni chithunzicho ndi kukuuzani kuti mizu ndi ingati. Funsani kuti ayeza bwanji kutalika kwake. Dokotala wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli, amakuonetsani chida kapena chithunzi chokhala ndi kasingano m'muzu. Funsani kuti mubwera kangati ndipo ndalama zonse pamodzi ndi zingati, kuphatikizapo chomatira chomaliza kapena chipewa cha dzino, chifukwa muzu womatidwa bwino umawonongekanso pamwamba pakasiyidwa ndi chomata chongoyembekezera. Ngati muli pa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, dziwiranitu zimene ikulipira pachipatala chimene mukupitacho. Akamaliza, pemphani chithunzi chomaliza, ngakhale kuchijambula ndi foni, ndipo mubwererenso pakatha chaka kuti aone ngati fupa lapola. Kupweteka pang'ono potafuna kwa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Koma kutupa kukayamba kutsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, thupi likatentha, kukamwa kukamakanika kutsegula kapena kumeza kukavuta, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi tsiku lomwelo.